Wodzaza Mabotolo

Loweruka usiku, magetsi akathima ku Chinamwali,
ndimayatsa kandulo m'bafa la mlamu wanga
n'kutsegula mpopi.
Madziwa ndi a Mulunguzi, omwewa
amene tonse timatsukira mbale,
bilu yake imabwera pa mwezi ngati ya wina aliyense.
Botolo loyamba, lachiwiri, mpaka makumi asanu ndi limodzi.
Ndimakhwimitsa zivindikiro
n'kumata kapepala ka nkhope yake:
Mtumwi Kambwiri, suti yoyera, chala chikuloza kumwamba.

Ndinamudziwa akugulitsa mabatire ndi maloko
pa depoti, pafupi ndi amayi a zitumbuwa.
Pakamwa anali napo kale.
Ankatha kukugulitsa jekete la ubweya mu Okutobala.

Sindikunena kuti sapemphera.
Ndamumvapo m'mbandakucha, yekhayekha, popanda womuona,
akulira ngati mwana wosochera mumsika.
Ndipo m'busa nayenso ali ndi mimba,
ana ake sadya aleluya,
lendi ya holo salipira ndi ameni.
Izi ndimadziuza ndikafika pa botolo la makumi anayi.

Koma Lamulungu lapitali kunabwera Abiti Saizi,
wapansi kuchokera ku Songani
kuti ya minibasi isachepetse ya botolo.
Anamasula mfundo ya chitenje ndi mano.
Ndalama zake zinkanunkha utsi,
zofewa ngati chisoso chogonera.
Anati wagulitsa mbuzi, inali ndi bere.
Anati mwana wake Dailesi ali ku chipatala chachikulu,
akutsokomola magazi,
adokotala alemba mankhwala oti akagule yekha,
koma iye waganiza zoyambira kwa Mulungu.

Ndinalandira. Ndi dzanja ili, lamanjali.
Ndinamupatsa botolo la chivindikiro chokhota pang'ono,
ndinalizindikira, ndi lomwe linandivuta dzulo lake.
Anagwada.
Anandigwadira ine,
munthu wolephera fomu folo kawiri.

Mkatimo kiyibodi inkalira,
mlamu akutuluka thukuta pa maikolofoni:
fesani mbewu, fesani lero, mawa kulibe!
Ine ndinakulira m'munda ku Jali.
Kwathu mbewu timafesa m'dothi,
sindinaonepo yomera m'thumba la jekete.

Madzulo tinawerenga patebulo, makatani otseka.
Za mafuta a galimoto apa, za wailesi apa,
za nsapato zopita nazo ku msonkhano apa.
Zanga anandipatsa mu envulopu.
Ndinagula shuga, sopo, yunifomu ya Tamandani,
ndi theka la kilo la nyama ku Mpondabwino.
Mwana anadya mpaka kunyambita m'zala,
amvekere, bambo, kutchalitchi kukhale tsiku lililonse.
Ine nthuli inandiima pakhosi.
Inali ya mbuzi.

Lachitatu ndinakaima pa geti la chipatala
pakati pa ogulitsa nthochi ndi a kabaza,
zotsala za mu envulopu zikundiwotcha pantchafu.
Sindinalowe.
Ndikanati ndine ndani?
Ndikanena kuti madzi aja ndi a pampopi,
si ndiye ndamulanda chokhacho chimene anagula?
Ndikapanda kunena,
nanga mbuzi yachiwiri ikadzapita?
Ndinayang'ana phiri. Linali litafunda nkhungu mpaka m'chiuno,
silinafune kukhala mboni.

Ndinabwerera wapansi,
kudutsa linga la ndende, mutu uli pansi.
M'menemo muli anthu amene anaba zochepa
kuposa mbuzi ya bere.

Lero ndi Loweruka.
Mabotolo ali ndandanda pa simenti,
kukamwa kuli yasa, kudikira,
ngati mpingo ulaliki usanayambe.
Mlongo wanga akuitana ali kukhitchini:
achimwene, mwayamba? Mawa kubwera anthu a ku Thondwe.
Kandulo yatsala chala chimodzi.
Mpopi sindinautsegule.
Koma ukudontha,
ndipo botolo loyamba ndaliika kale pansi pake.